Kkkkkk: ma k otsalawo amalemba ndani?

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Senga Bay, ndikulimbana ndi chaputala chachitatu cha pulojekiti yanga ya chaka chomaliza. Mwera unali utalusa, asodzi atakokera mabwato kumtunda, ndipo mapepala anga ankangofuna kuuluka pakhonde. Amayi atandiitana kuti ndikawathandize kuyanula usipa wadzulo lake, ndinasanjika mapepalawo pa laputopu n'kuwapsinja ndi buku. Pobwerera, patatha mphindi ngati zisanu, ndinapeza masamba atatu a chilembo cha a chokhachokha. Ngodya ya buku ija inali itakhala pa batani.

Azakhali anga, omwe adagwirapo ntchito yotaipa pa ofesi ina paboma la Salima m'zaka za m'ma 1980, anasuzumira paphewa panga n'kufunsa kuti, "Iwe, makina akowa amalemba okha? Athu aja ukapanda kumenya sankalemba kanthu." Ndinaseka, koma yankho lenileni ndinalibe, chonsecho ndine wophunzira za makompyuta. Batani ladinidwa kamodzi, zilembo zatuluka masauzande. Woyamba uja walemba ndiwe. Nanga otsalawo walemba ndani, kiyibodi kapena kompyuta? Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti yankho lakhala likusamuka kwa zaka zoposa 100, ndipo kulikonse kumene lasamukira latenga kanthu kena m'manja mwa wolemba n'kumupatsa kena.

Nkhaniyi idayamba makompyuta kulibe. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph, idakoka nthambo ya telegalafu kudutsa Blantyre, Fort Johnston komwe lero timati Mangochi, n'kutsata gombe la nyanjayi mpaka Nkhotakota ndi Karonga. Wotumiza uthenga pa nthambo zotere ankagwiritsa ntchito kabatani kamodzi kokha, ndipo kadontho kalikonse ka Morse kankafuna kuti dzanja litsike ndi kukwera. Ogwira ntchitoyi tsiku lonse ankavulala mikono. Ku America, Horace Martin adapanga chida chomwe chidatchuka ndi dzina loti Vibroplex, ndipo kampani yake idayamba mu 1905. Ukakankhira chogwirira chake mbali imodzi n'kusasiya, kachitsulo kokhala ndi kolemera kumapeto kankanjenjemera kokha n'kumatulutsa madontho otsatizana. Ukafuna kuti madonthowo azithamanga kapena azichedwa, unkangosuntha kolemerako. Ndiye kubwereza kwa batani kumene ndikunena pano kudayamba ngati chitsulo chonjenjemera, ndipo liwiro lake munthu ankalisintha ndi zala.

Taipi ya azakhali inalibe zoterezi. Makina a mtundu umenewo, kuyambira aja a Remington omwe adayamba kugulitsidwa mu 1874, mphamvu yake yonse inkachokera m'chala. Kudina kamodzi, chilembo chimodzi. Azakhali amati chomwe chinkatopetsa kwambiri n'kudula mzere kunsi kwa mutu wa kalata: unkabweza chonyamula pepala n'kumenya batani la mzere kamodzikamodzi, chilembo chilichonse chakechake, uku pansi pali mapepala a kaboni atatu ofuna kuti umenye mwamphamvu. Makina amagetsi ndiwo adabweretsa mpumulo. Pa IBM Selectric, yomwe idatuluka mu 1961, mabatani ochepa okha ndiwo ankabwereza, monga la mzere, la mpata ndi lobwerera m'mbuyo. Unkalidina mpaka pansi penipeni, mota n'kumagwira ntchito yotsalayo. IBM idatcha zimenezi Typamatic, dzina lomwe pambuyo pake lidasanduka typematic, ndipo mukalowa mu BIOS ya makompyuta akale a m'malabu athu mudzalipeza likadalipo. Taonani kuti opanga makinawo adasankha mosamala. Sadaone chifukwa choti chilembo cha a kapena k chizibwereza. Paja m'Chingerezi cha m'makalata a muofesi palibe amene amaseka.

Makompyuta oyambirira adatengera nzeru ya makina a Teletype, omwe anali ndi batani lapadera lolembedwa REPT. Apple II ya mu 1977 inali nalo: udine chilembo chomwe ukufuna, chala china chidine REPT, apo ndiye chibwereze. Ine njira imeneyi ndimaiona kuti inali yachilungamo. Buku litagwera pa batani limodzi silikanandilembera masamba atatu. Koma anthu sadaikonde, ndipo pofika pa Apple IIe mu 1983 batani lija lidachotsedwa, mabatani n'kuyamba kubwereza okha.

Amene adakhazikitsa chizolowezi chomwe tonse tidakulira ndi IBM PC ya mu 1981. Mkati mwa kiyibodi yake munali kachipi ka Intel 8048, kakompyuta kakang'ono pakokha, komwe ntchito yake inali kuyendera mabatani onse mosalekeza n'kuona lomwe latsika. Batani likatsika, kachipiko kankatumiza nambala yake pa waya. Likakwera, kankatumiza nambala ina yonena kuti lasiyidwa. Likakhalitsa pansi kwa theka la sekondi, kankayamba kutumiza nambala yoyamba ija mobwerezabwereza, pafupifupi ka 10 pa sekondi, ngati kuti munthu akudinadina. Kompyuta inkangolandira. Mu 1984 padabwera IBM PC/AT, ndipo waya uja udayamba kuyenda mbali zonse ziwiri, moti kompyuta inkatha kulamula kiyibodi. Lamulo losintha kubwereza ndi F3, lotsatiridwa ndi byte imodzi. Mu byte imeneyo ma bit awiri amanena nthawi yodikira, yomwe ingakhale kota ya sekondi, theka, makota atatu kapena sekondi yathunthu. Ma bit asanu amanena liwiro, kuyambira zilembo 2 mpaka 30 pa sekondi. Kiyibodi ikangoyaka osauzidwa kanthu imadikira theka la sekondi n'kumabwereza ka 10.9 pa sekondi. Pulagi yozungulira ya PS/2 ya mu 1987, yofiirira ija yomwe ena tinaipeza pa makompyuta a kusekondale, idapitiriza chiyankhulo chomwechi.

Tsopano tsegulani Control Panel pa Windows, mupite pa Keyboard. Kokokera ka nthawi yodikira kali ndi malo anayi okha. Ka liwiro kali ndi malo 32. Ma bit awiri amapereka zosankha zinayi, ma bit asanu amapereka 32. Ndiye kuti mawindo a laputopu yomwe mwagula chaka chino akutsatabe muyeso wa byte imodzi ya mu 1984. Nditazindikira zimenezi ndinakhala kaye chete, chifukwa m'kalasi timaphunzira ma bit ngati masamu ongolembera mayeso.

Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi momwe funsoli limafunsidwira kawirikawiri, loti kubwerezaku ndi kwa hardware kapena kwa software. Kachipi ka 8048 kankayendetsa pulogalamu, yongowotcheredwa mkati mwake kufakitale. Kuyambira 1981 palibenso chitsulo chonjenjemera kapena mota. Paliponse pali pulogalamu yowerenga nthawi. Kusiyana kwake n'koti pulogalamuyo ikukhala kuti, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoisintha.

USB itabwera mu 1996, wotchi ija idasamuka. Kiyibodi ya USB siyamba yokha kuyankhula. Kompyuta ndiyo imaifunsa, kawirikawiri ka 125 pa sekondi, ndipo iyo imayankha ndi lipoti lalifupi. Mu mtundu wake wosavuta lipotilo ndi ma byte asanu ndi atatu: yoyamba imanena za Shift, Ctrl, Alt ndi anzake, yachiwiri idasungidwa, zotsala zisanu ndi imodzi zimatchula mabatani omwe ali pansi panthawiyo. Kiyibodi singanene kuti k, k, k, k. Imangoti k ali pansi, kenako nthawi ina n'kuti palibe batani lili pansi. Zapakatipo amadzaza ndi Windows, Linux kapena macOS, aliyense ndi wotchi yake. Choseketsa n'choti malaputopu ambiri amakhala ndi njira zonse ziwiri nthawi imodzi. Kiyibodi ya laputopu yeniyeniyo imalumikizidwa mkati kudzera pa kachipi komwe kamayerekeza kukhala PS/2, pamene yomwe mwabaya pambali ndi ya USB. Masamba anga atatu aja, mwachionekere, analembedwa ndi mdzukulu wa 8048. Pa liwiro la 30 pa sekondi, mphindi imodzi imatulutsa zilembo 1,800.

Anzanga a Linux ali ndi chigawo china cha nkhaniyi. Pa X Window System, yomwe idayambira ku MIT mu 1984, pulogalamu yaikulu yoyang'anira sikirini ndi kiyibodi ndiyo imabwereza, ndipo lamulo la xset r rate limakulolani kusankha manambala omwe IBM sidawaganizirepo. Pa Wayland, yomwe Fedora idayamba kugwiritsa ntchito mwachikhazikitso mu 2016 ndipo Ubuntu mu 2021, udindowo udatsikanso. Woyang'anira mawindo amangouza pulogalamu iliyonse nthawi yodikira ndi liwiro, kenako pulogalamuyo iziwerengera yokha. Kuchoka m'chala, kupita pa mota, kupita pa kachipi ka m'kiyibodi, kupita pakati pa kompyuta, mpaka mu pulogalamu iliyonse payokha.

Wina atha kufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife okhala kunyanja. Choyamba ndi ndalama. Kuno kiyibodi sikhalitsa. Mchenga wouluka ndi mwera, chinyezi cha nyengo ya dzinja, tizilombo tothamangira kuwala kwa sikirini usiku, zonse zimalowa pansi pa mabatani. Koma si vuto lililonse lomwe limafuna kiyibodi yatsopano, ndipo munthu wodziwa mbiri ili pamwambayi atha kusiyanitsa. Batani likamalemba kawiri mutadina kamodzi, nthawi yomweyo osadikira theka la sekondi, kumeneko si kubwereza. Ndi timapepala kapena tizitsulo tapansi tomwe tikugundana modumphadumpha chifukwa cha litsiro kapena kutha, mopitirira zomwe kachipi kangasefe. Vutoli ndi lakale moti TRS-80 ya mu 1977 idatchuka nalo, mpaka kampani yake idachita kutulutsa pulogalamu yolichepetsa. Batani likadikira kaye kenako n'kuyamba kuthamanga osasiya, ndiye kuti uthenga woti lasiyidwa sunafike. Mwina lakanirira pansi ndi mchenga. Mwina ndi kiyibodi yopanda waya yomwe mabatire ake akutha, uthengawo watayika m'njira, ndipo kompyuta ikupitiriza mokhulupirika kulemba chilembo chomwe chala chanu chinasiya kalekale. Zomwezi zimachitika mukamagwiritsa ntchito kompyuta yakutali pa netiweki yodukaduka.

Palinso vuto lachitatu, lomwe linandipweteka mtima. Mnzanga wina kuhositelo anadzuka m'mawa n'kupeza kiyibodi yake ikuchita ngati yafa, zilembo zikutuluka pokhapokha atadina n'kudikira. Wokonza wina mtauni anamuuza kuti yapsa ndipo agule ina, mtengo wake wofanana ndi ndalama yake ya chakudya ya masabata angapo. Chomwe chinachitika n'choti anagona akuwerenga, chigongono chili pa Shift ya kumanja. Pa Windows, Shift ya kumanja ikakhala pansi masekondi 8 imayatsa Filter Keys, yomwe imanyalanyaza kudina kwachangu n'kuchedwetsa kubwereza. Anaiikamo, kuyambira pa Windows 95, pofuna kuthandiza anthu omwe manja awo amanjenjemera, ndipo ndi umboni wabwino kwambiri woti kusamutsira wotchi ija mu pulogalamu kudapindula, chifukwa zosankha zinayi za IBM sizikanamukwanira munthu wotero. Koma phindu lomwelo ndi lomwe linatsala pang'ono kumudyera mnzanga ndalama. Sindikuti wokonzayo ankafuna kuba. Iye anazolowera kuti vuto la kiyibodi limakhala mu kiyibodi, monga zinalili pa taipi ya azakhali. Tinazimitsa pa Settings osamasula sikuluwu ngakhale imodzi.

Kwa ife olemba mapulogalamu pali kachenjezo kena kakang'ono. Msakatuli wa intaneti amatumizira pulogalamu yanu uthenga wa keydown pa kubwereza kulikonse, ndipo amaika chizindikiro cha repeat kuti musiyanitse kudina kwenikweni ndi kongobwereza. Ambiri sitichiyang'ana. Ndiye tayerekezani fomu yolembetsera kapena yolipirira yomwe mwaimangirira pa Enter, n'kubwera munthu amene sanazolowere kompyuta, wodina mwamphamvu ndi mosamala ngati akudinda chala pa chikalata cha ngongole. Theka la sekondi kwa iye si kanthu.

Chachiwiri ndi chiyankhulo, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi inandigwira zenizeni. Chichewa chimakonda kukoka mawu. Nyanja ikadekha timati ili phee, ndipo ikadekha kwambiri timati pheeee. Kunja kukada kuli bii, pamudzi pakasowa anthu pali zii, fumbi likabuka kuli mbuu. Tikadabwa timati iiiii, tikavomera monyinyirika timati eeee, ndipo pa WhatsApp ndi Facebook timaseka ndi kkkkkk, kuchuluka kwa ma k kukusonyeza ngati nthabwalayo yafikadi kunthiti kapena tangochita ulemu. Tikadakhala kuti makinawa tidapanga ndife, kubwereza kwa zilembo sikukadayamba ndi batani la mzere.

Koma chipangizo chomwe ambiri timalembera si kompyuta, ndi foni, ndipo pa foni kudina osasiya kudapatsidwa ntchito ina. Pa mafoni a mabatani, a Nokia akale kapena a itel a lero, ukakhalitsa pa batani polemba uthenga pamatuluka nambala. Pa iPhone, yomwe idatuluka mu 2007, ukakhalitsa pa chilembo pamatuluka kabokosi ka abale ake a chilembocho, okhala ndi timizere ndi tizipewa pamwamba. Makiyibodi a Android amachitanso chimodzimodzi, ndipo pa mzere wapamwamba nthawi zambiri amakupatsa nambala. Lomwe limabwerezabe ndi batani lofufutira. Mu 2011 Apple idatengera khalidweli pa makompyuta ake mu OS X Lion, moti pa Mac ukakhalitsa pa e samathamanga, amakufunsa kuti ukufuna e uti. Izi zidatheka chifukwa wotchi ija inali itachoka kale mu kiyibodi. Kachipi ka 8048 sikakanatha kujambula kabokosi pa sikirini. Ndiye ma k onse omwe mumatumiza pa gulu la kalasi mumawalemba nokha, limodzilimodzi, ngati azakhali akudula mzere kunsi kwa mutu wa kalata.

Tidaluza kubwereza, koma m'kabokosimo muli kanthu kathu. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, ndipo bungweli lidatulutsa malamulo a kalembedwe omwe adakonzedwanso mu 1980 ndi 1990. M'kalembedwe ka nthawi imeneyo munali w wa chipewa, ŵ, woimira liwu lofewa lotuluka milomo itayandikana osakhudzana, lomwe lili m'dzina la Malaŵi. Buku Loyera la mu 1998 limamugwiritsa ntchito. Koma chilembochi sichidalowe mu ASCII, ndipo sichidalowenso mu Latin-1, mndandanda wa zilembo za kumadzulo kwa Ulaya womwe makompyuta ndi intaneti yoyambirira zidadalira kwambiri. Pa kiyibodi ya ku America kapena ku Britain, zomwe zimabwera ndi malaputopu athu a kaunjika, palibe batani lake. Azakhali amati pa taipi yawo ankamenya w wamba, kalata ikatuluka n'kumuveka chipewa ndi bolopeni, pa pepala lapamwamba ndi pa makope onse. Lero mu Microsoft Word mutha kulemba 0175 n'kudina Alt ndi X, ŵ n'kutuluka, chifukwa imeneyo ndiyo nambala yake mu Unicode. Ndani angachite zimenezo pa liwu lililonse?

Sindikunena kuti kiyibodi yokha ndiyo idapha chilembochi. Anthu ambiri, makamaka achinyamata ndi a m'matauni, satchulanso liwulo mosiyana ndi w wamba, ndipo Chichewa Board idalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996, nthawi yomwe dziko linkafuna kupumulako ku zambiri zokakamiza za ulamuliro wakale. Komabe chilembo chovuta kuchilemba chimafa msanga kuposa chosavuta, ndipo nyuzipepala yothamangira nthawi sidikira bolopeni. Pa iPhone ndi pa Mac, ukakhalitsa pa w, ŵ amatuluka. Sindikukhulupirira kuti anamuikira ife. A ku Wales ali ndi chilembo chomwechi m'chiyankhulo chawo, monga m'mawu oti dŵr, kutanthauza madzi, ndipo ine ndikuona kuti tinangokwera nawo bwato lawo.

Mutandifunsa kuti ndisankhe pakati pa kkkkkk wongokhalitsa chala ndi ŵ wa m'kabokosi, ndisankha kabokosi, ngakhale m'nkhani inoyi ndalemba mawu ambiri oyenera chipewa osawaveka. Kuseka tidzaseka ndithu, chala sichitopa ndi ma k asanu ndi limodzi. Chomwe chimandinyansa n'choti kusankhako sitinasankhe ndife, chonsecho panopa palibe chitsulo chotiletsa. Zida zopangira kiyibodi ya chiyankhulo chako zilipo zaulere: Microsoft Keyboard Layout Creator pa Windows, XKB pa Linux, Keyman ya bungwe la SIL pa makompyuta ndi mafoni omwe. Ng' wa mu ng'ombe, amene apositirofi yake foni imakonda kuipotoza kapena kuibisa pa tsamba lachiwiri, atha kukhala pansi pa n. W wa chipewa atha kukhala pansi pa w, ndipo a, e, i, o, u ndi k atha kumabwereza ngati pa kompyuta. Chaka chilichonse timalemba mapulojekiti a kasungidwe ka mabuku a mulaibulale ofanana ndi a chaka chatha, pamene ntchito iyi ingatheke pa semesita imodzi.

Madzulo a tsiku lomwelo msuweni wanga wobwera kuchokera ku Johannesburg anatulukira ndi iPhone yake yong'ambika galasi. Ndinaibwereka n'kuwapatsa azakhali, n'kuwauza kuti aike chala pa w osachotsa. Anadina mwamphamvu ngati pali makaboni atatu pansi. Kabokosi katatuluka anaiyandikitsa foniyo kumaso, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Chipewa chake chapendekeka bwinobwino," anatero. "Nanga mzere wa kunsi uli pati?"